CIPATA COPANDA CITSEKO CA KU LIVERPOOL

Mu mzinda wa Liverpool, ku England, pa mutu pa mseu wochedwa Nelson Street, paima cipata cacikulu cimene ciribe citseko, ndiponso ciribe linga kumbali kwace. Munthu wofuna kulowa amangopita pansi pace; wosafuna amacilambalala, ndipo palibe mlonda womfunsa citupa. Cipata cotere sicichinga mbala, sicichinga mphepo. Komabe amisiri 20 anacoka ku Shanghai, m'dziko la China, nayenda ulendo wautali kudzacimanga pa nyengo ya cisanu, ndipo cinatsegulidwa m'caka ca 2000. Tsono kodi cipata cosatseka kanthu ciri ndi nchito yanji?

Poyamba kuyenera kunena maonekedwe ace. Msinkhu wace ndi mafiti 44, ndiwo mamita 13 ndi theka, monga nyumba yosanjikiza kanai. Ciri ndi madenga asanu: lapakati liri pamwamba penipeni, ndipo enawo atsikira kumbali ngati makwerero. Mitengo, miyala ndi mapale ace zonse zinasemedwa ndi kuumbidwa ku China, zinabwera m'combo zidutswazidutswa, ndipo amisiriwo anazilumikiza pamalopo. Utoto wofiira ndi wagolidi ndiwo ucuruka, pakuti kwa Machaina kufiira ndi cizindikiro ca mwai ndi cimwemwe. Pa cipata conseco pali zinjoka 200, zina zosema, zina zojambula. Pafupi pace pali mikango iwiri yamkuwa. Mwa mwambo wa kwao mikango yolonda pakhomo ikhala yaimuna ndi yaikazi: yaimuna ipondereza mpira ndi phazi lace, yaikazi isunga mwana wace pansi pa phazi. Pakati pa cipata, m'munsi mwa denga lalikulu, pali thabwa lolembedwa zilembo zitatu za Cichaina. Ziwiri zoyamba ndizo dzina la dziko lao, limene tanthauzo lace ndi "Dziko la Pakati"; cacitatu ndi "mzinda". Pamodzi zinena kuti pano ndi pa mudzi wa Machaina.

Mau akuti cinjoka angathe kusokoneza munthu amene anaphunzira ku mishoni, cifukwa m'Buku Lopatulika cinjoka ndi mdani. Kwa Machaina si tero ai. Cinjoka cao cikhala m'mitsinje, m'nyanja ndi m'mitambo, ndipo ndico cibweretsa mvula. Alimi anali kucipembedza pa nthawi ya cirala. Amene anamva akuluakulu a Acewa akusimba za Thunga, njoka ya ku kacisi wa mvula, sadzabvutika kumvetsa zimenezi. Pambuyo pace mafumu a China anatenga cinjoka kukhala cizindikiro cao, nalamula kuti ca zala zisanu cikhale ca mfumu yokha. Munthu wamba wocisoka pa cobvala cace anali kupalamula mlandu woopsa. Machaina amawerenga zaka m'magulu a 12, caka ciri conse ndi nyama yace, ndipo 2000 cinali caka ca cinjoka.

Zipata za mtundu uwu dzina lace ndi paifang, ndipo kalekale zinali ndi zitseko ndithu. M'masiku a mafumu a banja la Tang, amene analamulira kuyambira 618 kufikira 907, mzinda wa mfumu wochedwa Chang'an unagawidwa m'zigawo 108, ciri conse ndi linga lace ndi zipata zace. Dzuwa likalowa ng'oma zinali kulira, zipata zinali kutsekedwa, ndipo wopezeka pa mseu usiku anali kukwapulidwa. Malonda atakula m'masiku a banja la Song, malinga aja anagwa, koma zipata zinatsala ciriri, ndipo anthu anazipezera nchito yatsopano: kuchukitsa dzina la munthu. Mwana wa m'mudzi akapambana mayeso obvuta a boma, kapena nduna ikaweruza mirandu popanda ciphuphu, kapena mkazi wamasiye akakana kukwatiwanso, mfumu inali kulola kuti am'mangire cipata pa njira yolowera kwao. Pa mudzi wa Tangyue, m'cigawo ca Anhui, pali zipata 7 zamiyala zondondozana pa njira imodzi, zonse za banja limodzi la Bao. Kotero paifang ndi cikumbutso cimene munthu sangathe kucilambalala osaciona. Cinena kuti: pano pakhala anthu, ndipo ali ndi dzina.

Funso tsono ndi ili: anthu amene cipata ca ku Liverpool ciwachula anali yani, ndipo anafika bwanji kutali cotere?

Liverpool ndi doko la pa mtsinje wa Mersey. M'caka ca 1865 munthu wina wa mumzindamo, Alfred Holt, pamodzi ndi mbale wace Philip, anayamba kampani ya zombo zoyenda ndi malasha, imene anthu anaizolowera ndi dzina lakuti Blue Funnel Line cifukwa ca utoto wa mipope yace yoturutsa utsi. Mu 1866 combo cace coyamba, Agamemnon, cinanka ku China kukatenga tiyi. M'kupita kwa zaka kampaniyo inayamba kulemba amarinyero ku Hong Kong ndi ku Shanghai, cifukwa anali olimbika ndipo malipiro ao anali ocepa. Ambiri a iwo sanali kuona nyanja konse. Nchito yao inali pansi pa combo, m'cipinda ca moto, kuponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo usana ndi usiku, thukuta liri kamukamu, mpweya uli wocepa. Munthu amene anagwirapo nchito ya fosholo pansi pa mgodi adziwa kutentha kwa mtundu umenewo koposa wina ali yense.

Combo cikafika ku Liverpool, amarinyero anali kugona m'nyumba za alendo pafupi ndi doko, kudikira ulendo wina. Ena anatopa ndi nyanja nakhazikika. Anatsegula timasitolo ndi nyumba zodyeramo ku Pitt Street ndi ku Cleveland Square, ndipo ambiri anayamba nchito ya udobi, kucapa ndi kusita zobvala za eni mzinda. Akazi a kwao sanabwere, motero anakwatira akazi a Cingerezi ndi a Ciairishi a m'makwalala omwewo. Mkazi wotere anali kulipira mtengo waukulu, pakuti lamulo la masiku amenewo linali lakuti mkazi wa ku Britain wokwatiwa ndi mlendo ataya unzika wace, nasanduka mlendo m'dziko lobadwira. Lamulolo linasintha mu 1948. Mudzi umenewu ndiwo uwerengedwa kuti ndi wakale koposa midzi yonse ya Machaina ya ku Ulaya.

Nkhondo yaikulu yaciwiri itabuka mu 1939, Britain anasowa anthu oyendetsa zombo zobweretsa cakudya, mafuta ndi zida kucokera ku America. Machaina pakati pa 15,000 ndi 20,000 analembedwa m'mabuku a doko la Liverpool. Zombo za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi zinali kusaka zombo za katunduzo pa nyanja ya Atlantic, ndipo combo cikalasidwa, a m'cipinda ca moto ndiwo anali omariza kuturuka, ngati anaturuka konse. Mmodzi amene dzina lace linamveka ndi Poon Lim, woperekera zakudya m'combo ca Benlomond, cimene cinamizidwa mu November 1942. Iye anakhala yekha pa kaphaka ka matabwa masiku 133, akumwa madzi a mvula, akudya nsomba ndi mbalame zosaphika, kufikira asodzi a ku Brazil anamtola mu April 1943. Mfumu George VI inampatsa mendulo. Anzace zikwizikwi sanalandire mendulo, ndipo ambiri manda ao ndi nyanja.

Ngozi inali imodzi kwa onse, koma malipiro sanali amodzi. Mchaina sanali kulandira ngakhale theka la ndalama za Mngerezi wogwira nchito yomweyo m'combo comweco. Panalinso ndalama yapadera ya ngozi ya nkhondo, imene Mngerezi anali kulandira mapaundi 10 pa mwezi, pamene Mchaina anali kupatsidwa yocepa kwambiri, monga mwini kampani afunira. Mu February 1942 amarinyero a Cichaina a ku Liverpool ananyanyala nchito, ndipo sitalakayo inafika mu April. Anapambana pang'ono: ndalama ya ngozi inakwezedwa, malipiro anaonjezedwa, ngakhale sanalingane ndi a Angerezi. Koma eni zombo anasunga mangawa. Makamaka anaika maso pa amuna a ku Shanghai, amene anawayesa oyambitsa mabvuto.

Pa nthawi yomweyo mudzi wao wakale unali utapasuka. Mabomba a ndege za Ajeremani, makamaka a mu May 1941, anagwetsa nyumba zambiri za pafupi ndi doko, ndipo Machaina otsala anasamukira kumtunda, ku Nelson Street ndi miseu yoyandikana nayo, kumene cipata caima lero.

Nkhondo itatha, zimene zinacitika ndi zocititsa manyazi, ndipo zinabisika zaka zoposa 50. Kampani zinadula malipiro a Machaina ndi kucotsa ndalama ya ngozi. Pa 19 October 1945 akuluakulu a Home Office, ndiyo ofesi ya boma yoyang'anira za m'dziko ndi za alendo, anakhala pa msonkhano ku London, napangana zobweza kwao amarinyero a Cichaina amene anawachula "osafunika". Nyumba ya Malamulo sinauzidwe, manyuzipepala sanauzidwe. Njira yace inali ya mapepala. Mlendo ali yense wotsika m'combo anali ndi cikalata comlola kukhala pamtunda. Tsono akuluakulu a za alendo anasintha zikalatazo, nalembapo tsiku limene munthuyo ayenera kukhala atacoka. Tsikulo likapita, munthuyo anali wolakwira lamulo, ndipo apolisi anali ndi mphamvu yomgwira. Anayenda m'nyumba za alendo ndi m'miseu ya pa doko, usiku ndi usana, mothandizana ndi eni zombo. Amuna ogwidwawo anakwezedwa m'zombo za katundu zimene anaikamo mabedi osanjikiza, napita nao ku Shanghai, ku Hong Kong ndi ku Singapore. Pofika pakati pa 1946 oposa 1,300 anali atacotsedwa.

Mwa iwo munali amuna mazana angapo amene anali ndi akazi ndi ana mu Liverpool. Mwa lamulo, mwamuna wokwatira mkazi wobadwira ku Britain anali ndi mwai wopempha kukhala, koma akuluakulu anasamala kuti amunawo asauzidwe zimenezi. Bambo anali kuturuka m'mawa kunka kukafunsa za combo, kapena kukaceza ndi anzace, osabweranso. Mkazi anali kudikira sabata, mwezi, caka. Popeza palibe anamuuza coona, anakhulupirira zimene anansi anali kunong'ona, kuti Mchaina uja wathawa banja. Akazi ena anagwira nchito ziwiri kapena zitatu kuti alere ana. Ena analephera, napereka ana ao ku nyumba za ana amasiye kapena kwa eni ena. Ana ambiri anakula akudana ndi atate amene sanawalakwire. Ndipo amunawo, kutsidya kwa nyanja, anapeza China ali pa nkhondo ya pacibale, ndipo Akomyunisti atalanda dziko mu 1949 njira yobwerera inatsekeka ndithu.

Cinthu cotere sicinayambe ku Liverpool. Migodi ya golidi ya ku Johannesburg itasowa anchito nkhondo ya Mabunu itatha, eni ace anaitana Machaina oposa 60,000 kuyambira 1904, nawatsekera m'makomboni, ndipo pofika 1910 anali atawabweza kwao pafupifupi onse. Maganizo ace ndi amodzimodzi, ndipo anthu a m'migodi awadziwa bwino: manja a mlendo ndi ofunika, koma mwini manjawo, mkazi wace ndi ana ace alibe malo m'tauni.

Mudzi wa ku Nelson Street sunafe. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunabwera Machaina ena, makamaka alimi a ku midzi ya Hong Kong, amene anabwera ndi mabanja ao. Makina ocapira zobvala anali atapha nchito ya udobi, tsono iwo anatsegula nyumba zodyeramo ndi timasitolo togulitsa cakudya cophikaphika. Malonda otere safuna kuunjikana pamodzi, pakuti masitolo awiri pa mseu umodzi alandana ogula. Motero mabanja anabalalika m'madera onse a mzinda, ndipo ana ao ataphunzira analowa nchito za udokotala, za m'maofesi ndi zina. Ku Nelson Street kunatsala nyumba zodyeramo, mabungwe a anthu a mudzi umodzi, ndi nkhalamba. Mzinda wa Liverpool nawonso unali utasauka cifukwa nchito ya pa doko inacepa. Mu 1999 akuluakulu a Liverpool ndi a Shanghai anapangana ubale wa mizinda iwiriyo, ndipo cipata cinali cipatso coyamba cooneka ca ubalewo. Cinadzera njira yomweyo ya pa nyanja imene amarinyero aja anapitira, kucokera ku doko lomwelo kumene ambiri a iwo anatayidwa.

Mizinda yina inali itayamba kale. San Francisco anamanga cipata cace mu 1970, Washington mu 1986, Manchester mu 1987, ndipo ku Johannesburg nakonso ziripo pa Derrick Avenue, m'dera la Cyrildene.

Pali anthu amene amaziyang'ana zipata zimenezi ndi diso lokayika, ndipo mau ao si opanda pace. Amati kawirikawiri cipata cimangidwa pamene eni mudzi ayamba kale kusamuka, ndipo colinga ca akuluakulu a mzinda ndi kukopa alendo odzajambula zithunzi ndi kukometsa malonda ndi China. Amatinso maonekedwe ace ndi a nyumba za mafumu, pamene anthu amene anayamba mudziwo anali amphawi othawa njala, oponya malasha ndi madobi, amene kwao sakadaloledwa ngakhale kuyandikira pa khomo la mfumu. Izi ndi zoona. Pa zinjoka 200 zija palibe cimodzi cogwira fosholo, ndipo mlendo angathe kuima pansi pa cipata tsiku lonse osadziwa kuti m'miseu imeneyi munagwidwa anthu.

Koma kunena kuti cipata ndi cokometsera cabe ndiko kuiwala kumene anthuwa acokera. Kwa zaka zambiri Mchaina wa ku Liverpool anali munthu wa cikalata cokhala ndi tsiku lotha. Nzeru yace inali kudzicepetsa, kusaoneka, kusamveka, kuti boma lisamkumbukire. Anthu otere akafika poimika cinthu ca mafiti 44 pakati pa mseu wa boma, cofiira kuti psuu, colembedwa m'cinenero cao, ndipo bwalo la mzinda libvomera ndi kuthandiza, ndiye kuti cina casintha. Mlendo wa masiku owerengeka amanga msasa. Womanga ndi miyala ndi mkuwa ndi mwini mudzi. Maina a miseu ya m'deralo alembedwa m'Cingerezi ndi m'Cichaina. Pa cikondwerero ca caka catsopano ca Machaina, cimene cigwa mu January kapena February monga mwa mwezi, anthu zikwi zambiri a mitundu yonse amadzaza miseuyo. Anyamata amanyamula cinjoka cansaru pa ndodo, ng'oma ndi zitsulo ziri kulira. Ena awiriawiri amabvala cigoba ca mkango nabvina pa khomo la sitolo iri yonse, kumene mwini sitolo wapacika masamba a ndiwo pamodzi ndi ndalama m'kapepala kofiira, ndipo mkango uyenera kudumpha kuti uzitenge. Mabanja amene anabalalika amabwerera tsiku limenelo, ndipo pokomanirana pao ndi pa cipata.

Zimene cipata sicinena zinanenedwa ndi mwala wina waung'ono. Ana a amarinyero aja, atakula ndi kukhala ndi adzukulu, anayamba kufunafuna atate ao m'mabuku akale a boma ku Kew, m'mene mapepala a msonkhano wa 1945 anali atatsegulidwa kuti anthu awerenge. M'menemo anapeza kuti amai ao sanathawidwe. Anapempha bwalo la mzinda, ndipo mu January 2006 mwala wa cikumbutso unaikidwa pa Pier Head, m'mphepete mwa Mersey, ngati mtunda wa mailo imodzi kucokera pa cipata. Ulibe cinjoka, ulibe golidi. Uli ndi mau a m'zinenero ziwiri othokoza amarinyero a Cichaina amene anatumikira Britain pa nkhondo zonse ziwiri, ndi okumbukira amene anakakamizidwa kucoka, pamodzi ndi akazi ndi ana amene sanadziwe kumene amuna ao ndi atate ao anapita.

Boma la ku London linakhala cete zaka zina 15. Mu 2021 Kim Johnson, phungu wa dera la Liverpool Riverside, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo nafunsa kuti nkhaniyi ifufuzidwe. Mu 2022 Home Office inaturutsa zimene inapeza m'mabuku ace omwe, nibvomera kuti amarinyero anakakamizidwa kucoka, kuti ena a iwo anali ndi mabanja, ndi kuti tsankho la mtundu linalimo m'zocitikazo. Pa nthawi imeneyo, mwana amene anali m'mimba pamene atate wace anakwezedwa m'combo anali ndi zaka 75 kapena 76.